Okumba ndi ena, dzina n'kupita kwa ena

Nkhani ya ma dinosaur ikayambika, mayina amene amamveka ndi a anthu amene anazitcha zilombozi: William Buckland wa Megalosaurus mu 1824, Gideon Mantell wa Iguanodon mu 1825, ndi Richard Owen amene mu 1842 anaziika m'gulu limodzi. Ine mtima wanga uli kwa amene anagwira khasu ndi kusenza katundu, chifukwa ndikaona mmene mayina ankagawidwira nthawi imeneyo, kukondera kwake n'kopanda ndi manyazi omwe.

Taonani zimene zinachitika pa phiri la Tendaguru, kum'mwera kwa Tanzania, dzikolo lili m'manja mwa Ajeremani. Kuyambira 1909 mpaka 1913, akatswiri ochokera ku Berlin, Werner Janensch ndi Edwin Hennig poyambirira, anatsogolera ntchito yofukula mafupa osanduka miyala. Azungu pamalopo anali owerengeka ndi zala. Okumba anali anthu akuda mazanamazana, ndipo kapitawo wawo anali Boheti bin Amrani, munthu amene ankadziwa poyenera kukumba komanso mmene fupa lophwanyika msanga angalitulutsire m'nthaka lili lathunthu. Pulasitala atachepa, mafupa ankawamata ndi dongo. Ena ankawaika m'mitolo yoluka ndi nsungwi, timafupa ting'onoting'ono n'kutilonga m'zikamba za malambe. Msewu wa galimoto kunalibe, choncho amtengatenga ankasenza zonsezi pamutu ndi pamapewa, ulendo wa masiku angapo, mpaka ku doko la Lindi. Katundu yense anapitirira matani 200. Musaiwalenso kuti dera limeneli linali litangotuluka kumene mu nkhondo ya Maji Maji, imene inasiya midzi ili mabwinja, anthu akufa ndi njala.

Ndiye mayina anapita kwa yani? Chilombo chachitali khosi chimene chaima ku myuziyamu ya ku Berlin, msinkhu wake mamita oposa 13, ndi Giraffatitan brancai, kulemekeza Wilhelm von Branca, amene anali mkulu wa myuziyamuyo nthawi imeneyo. Chimene chimandiwawa kwambiri ndi kena kakang'ono kothamanga ndi miyendo iwiri, kamene mu 1919 anakatcha Dysalotosaurus lettowvorbecki. Paul von Lettow-Vorbeck anali mkulu wa asilikali a Jeremani ku East Africa pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, nkhondo imene amtengatenga akuda anafera m'njira osawerengeka. Msilikali analandira dinosaur yake. Boheti anadikira mpaka 2007, pamene Kristian Remes anatcha Australodocus bohetii, mwini wake atapita kalekale.

Wina anena kuti kutcha dzina si kungodzuka n'kutchula. N'zoona ndithu. Pamafunika kuyeza fupa lililonse, kuliyerekeza ndi la nyama zina, kulemba ndi kusindikiza, ndipo Janensch anathera moyo wake wonse pa mafupa a ku Tendaguru. Sindikuchepetsa ntchito imeneyo. Koma nawonso ophunzirawo ankaphonya. Mantell anatenga chala chachikulu cha Iguanodon, chosongoka ngati nyanga, n'kuchiika pamphuno, ndipo zinaoneka bwino kuti n'chala mu 1878 pamene anthu okumba malasha ku Bernissart, ku Belgium, anapeza mafupa athunthu pansi pa mgodi. Onani, okumba omwewo. Ku America, Edward Cope anaika mutu wa Elasmosaurus kumchira. Iye ndi mdani wake Othniel Marsh ankathamangitsana kutcha mayina moti nyama imodzi inkatha kukhala ndi mayina angapo, ndipo obwera pambuyo pawo anavutika zaka zambiri kukonza chisokonezocho.

Sikuti ndi nkhani ya khungu lokha ayi. Mary Anning, mwana wa kalipentala wosauka wa ku Lyme Regis ku England, anafukula Plesiosaurus yoyamba yathunthu mu 1823, ndipo ankadziwa mafupa kuposa abambo ambiri amene ankamugula. Iwo ankalemba, nthawi zambiri osamutchula n'komwe, ndipo bungwe la Geological Society of London silinkalola amayi.

Kwathu kuno nkhaniyi tili nayo. Mafupa a ku Karonga, a zaka zoposa 100 miliyoni, anatoledwa m'zaka za m'ma 1920 pansi pa Frank Dixey, katswiri wa miyala wa boma la Nyasaland. Mu 1928 Sidney Haughton, ali ku South Africa, anatcha chilombocho Gigantosaurus dixeyi poganiza kuti ndi mbale wa zija za ku Tendaguru. Panapita zaka 65 kuti chidziwike kuti ndi mtundu wakewake. Mu 1993 Louis Jacobs ndi anzake anachitcha Malawisaurus dixeyi, ndipo mmodzi mwa olemba anali Mmalawi, Elizabeth Gomani. Mayi ameneyu ndi amene pambuyo pake anatcha Malawisuchus mwakasyungutiensis mu 1997, kang'ona kakang'ono kotchedwa ndi dzina la malo a Mwakasyunguti, ndi Karongasaurus mu 2005. Apa ndiye pamene pali kusiyana: woyeza mafupa ndi wolemba anali munthu wa dziko lomwelo.

Sindikuti mayina akalewo afafanizidwe. Malamulo a akatswiri amasunga dzina limene linayamba kusindikizidwa moyenera, ndipo kumangosinthasintha kungabweretse chisokonezo chonga cha Cope ndi Marsh chija. Lettow-Vorbeck akhale pamene alipo, anthu aziona okha mmene zinthu zinalili. Chimene ndikufuna ine n'chakuti chikwangwani cha pansi pa mafupa, kaya ku Berlin kaya ku myuziyamu ya ku Karonga, chizinena amene anakumba, mudzi wawo, ndi mmene mafupawo anachokera pamalopo. Pamene mayina awo analembedwa m'mabuku a malipiro kapena m'makalata, awafufuze awaike poyera. Pamene sanalembedwe, chikwangwanicho chinene zomwezo, kuti anthu anagwira ntchito koma amene anali ndi cholembera sanawalembe.