Galimoto ya aneba yopanda msonkho ndi inshulansi

Miyezi inayi tsopano galimoto ya aneba athu ikugona pamsewu, pakhomo panga penipeni, pomwe ndimafuna kuimika yanga ndikaweruka usiku. Kuno ku England kapepala ka msonkho komata pagalasi kanathetsedwa mu 2014, ndiye ndi maso okha sungadziwe kanthu. Ndinalemba nambala yake pa webusaiti ya boma ya GOV.UK, ndipo zinaoneka poyera kuti msonkho unatha, MOT, chiphaso chosonyeza kuti galimoto inayesedwa ndipo ndi yoyenera kuyenda pamsewu, nayonso inatha.

Chikundiwawa kwambiri n'chakuti galimotoyo imayenda. Loweruka lililonse bambowo amakweza ana awo kupita kokagula zinthu. Ndinawafunsa mwaulemu ngati inshulansi ilipo, iwo anangoti akonza mwezi wamawa. Mwezi wamawawo wadutsa kanayi!

Lamulo silovuta kumva. Ngati simukufuna kulipira, lembetsani SORN, komwe ndi kudziwitsa boma kuti galimoto siziyendanso, ndipo ichoke pamsewu wa boma. Woyendetsa popanda inshulansi amalipitsidwa £300, kuikidwa mapointi 6 a chilango pa laisensi, ndipo apolisi akhoza kulanda galimotoyo. Nanga ikagunda mwana wa munthu? Wovulalayo amathandizidwa ndi Motor Insurers' Bureau, bungwe lolipira anthu ogundidwa ndi galimoto zopanda inshulansi, ndipo ndalama zake zimachokera m'matumba mwa ife amene timalipira inshulansi chaka ndi chaka, ena mpaka kudzimana.

Kuneneza mnansi kunandilemera mumtima, pakuti sindinaleredwe choncho, ndipo ana awo amandipatsa moni tsiku lililonse. Koma anawo ndi amene amakwera galimotoyo. Dzulo ndinalemba fomu ya pa intaneti yonenezera za msonkhowo ku DVLA, bungwe la boma loona za galimoto, fomu yomwe safunsa dzina, kenako ndinaimba 101, nambala ya apolisi ya nkhani zomwe si zadzidzidzi, kuwauza za inshulansiyo.