Galu wa miyendo itatu: kwa amene mukuti ndinachita nkhanza

Anthu akamuona galu wanga akuyenda ndi miyendo itatu, ambiri amagwira pakamwa. Ena sabisa mawu: "Bwenzi mutangomusiya afe ndi miyendo yake yonse." Kuyankha mmodzimmodzi ndatopa nako, ndiye lero ndiyankhe onse pamodzi.

Anzanga, muyambe mwadziwa chimene chinali m'mwendo umene dokotala anamudulawo. Matenda ake amatchedwa osteosarcoma, khansa ya m'mafupa imene imagwira kwambiri agalu a matupi akuluakulu monga Rottweiler, Great Dane ndi Greyhound. Imakonda miyendo yakutsogolo, pafupi ndi phewa kapena chakumunsi pafupi ndi phazi. Imayamba mozemba: galu amatsimphina pang'ono, inu n'kumati wangobinya, kenako pamatuluka chotupa cholimba. Pamenepo n'kuti fupa likudyeka kuchokera mkati, ngati mtengo umene chiswe chaugwira, ndipo limatha kuthyoka galuyo akungotsika pakhomo. Galu salira monga timalirira ife. Amangochepetsa kudya, usiku amapuma mwawefuwefu, amasiya kukulandirani mukamafika. Ululu umenewo mankhwala amangouchepetsa kwa kanthawi. Ndiye mukamati ndikanamusiya ndi miyendo inayi, mukutanthauza kuti ndikanamusiya akupondera fupa limenelo tsiku ndi tsiku. Nkhanza yake ili mbali iti pamenepa?

Chimene chimativuta anthufe n'chakuti timadziyika m'malo mwa galu. Timaganiza za manyazi, za mmene anthu atiyang'anire, za ndodo ndi njinga za olumala. Galu alibe nazo ntchito zimenezo. Sadziyang'ana pagalasi. Ambiri amaimirira tsiku lomwelo kapena mawa lake, chifukwatu anali atayamba kale kuusiya m'mwamba mwendo wopwetekawo. Wanga anayamba kudya bwino opareshoni itachitika kuposa mmene ankadyera isanachitike.

Koma musanamizidwe kuti n'zophweka. Masabata awiri oyamba ndi ovuta, makamaka kwa mwiniwakenu. Bala limakhala lalitali, khungu limada ndi magazi ogwirana, nthawi zina pansi pa bala pamadzaza madzi. Galu amafuna kunyambita, choncho kolala yomutchinga kuti pakamwa pasafike pabalapo isachoke m'khosi ngakhale akuyang'aneni momvetsa chisoni chotani. Ulusi amachotsa pakatha masiku 10 mpaka 14. Pansi poterera ndi mdani wamkulu, yalani mkeka wa labala kapena kapeti podutsa pake. Potuluka panja, kumukoleka thaulo pansi pa mimba kapena pachifuwa kumathandiza mpaka apeze mayendedwe ake. Agalu ena amadzidzimuka n'kukuwa popanda chowakhudza, minyewa ikamanamiza ubongo kuti mwendo udakalipo, ndipo madokotala a ziweto amakonda kupereka mankhwala otchedwa gabapentin pa vuto limeneli. Ndipo chonde, mankhwala athu opha ululu monga ibuprofen musamupatse galu. Amamuboola m'mimba ndi kuwononga impso.

Zimasiyananso kuti mwendo wachoka ndi uti. Galu amasenza pafupifupi 60 peresenti ya thupi lake ndi miyendo yakutsogolo, 40 yotsalayo ndi yakumbuyo. Wodulidwa wakutsogolo, ngati wanga, amayenda modumpha ndipo amatopa msanga. Chodabwitsa n'chakuti kuthamanga kumamuphwekera kuposa kuyenda pang'onopang'ono. N'chifukwa chake ndimakangana ndi alendo amene amamuponyera zakudya pomumvera chisoni. Kunenepa kulikonse kukulemetsa kwambiri mwendo wakutsogolo wotsalawo, ndipo umenewo ulibe mnzake wosinthana naye.

Tsopano mbali imene sindifuna kuikometsera. Kudula mwendo kumachotsa ululu, koma kawirikawiri sikuchiza. Pa agalu 10 alionse opezeka ndi khansa imeneyi, pafupifupi 9 imakhala itafalikira kale, makamaka m'mapapo, ngakhale X-ray isakuonetsa kanthu. Akangodula mwendo wokha, theka la agaluwo sapyola miyezi 4 kapena 5. Akawonjezera mankhwala a khansa monga carboplatin, nthawiyo imafika miyezi 10 mpaka 12, ndipo mwina mmodzi pa asanu amafika zaka ziwiri. Mankhwalawa agalu amawapatsa pa mlingo wochepa poyerekeza ndi anthu, motero ambiri sathothoka ubweya, amangochita nseru masiku ochepa. Wina anganene kuti miyezi yokhayo n'kuvutikira chonchi? Kwa ine inde, chifukwa ndi miyezi yoti agone tulo, adye, athamangitse mbalame pabwalo.

Sindikunena kuti galu aliyense adulidwe. Wokalamba amene nyamakazi yamugwira miyendo inayo, wa vuto la msana, kapena amene mapapo ake adzaza kale, opareshoni ingangomuwonjezera mavuto. Ndipo amene wasankha kuti dokotala amugoneke galu wake ndi jekeseni kuti afe mopanda ululu, kaya chifukwa cha matenda kaya ndalama sizikukwana, ine sindimuweruza. Amene ndikutsutsana naye ndi wongoyang'ana, galu akukoka mwendo wotupa kwa miyezi, iye akuti akumumvera chifundo.

Ena mumandifunsa chifukwa chake sindinamuikire mwendo woikirira: umafuna chitsa choti ugwirepo. Wakutsogolo amauchotsa kawirikawiri pamodzi ndi fupa la paphewa, ndiye palibe pomangirira.