Nas sanathawe kwawo, inu ndi amene simumvera nyimbo

Wina walemba dzulo kuti chimbale cha Nas, rapa wa ku New York, cha King's Disease ndi cha munthu amene anaiwala kwawo n'kugwadira ndalama, ati chifukwa muli oyimba kolasi ofewa ndiponso anyamata a masiku ano. Zandinyansa. Munthu amene anali ndi zaka 46 chimbalechi chikutuluka mu 2020 mukufuna azinama kuti akadali pakona ku Queensbridge, dera limene anakulira, akuthawa apolisi? Rapa wamkulu ulemu wa mumsewu amautaya akayamba kunama, osati akaitana munthu wodziwa kuyimba.

Tiyambe ndi Illmatic yanu mumailambirayo, chimbale chake choyamba. Inatuluka 1994, nyimbo 10, mphindi zosakwana 40, mabiti a DJ Premier, Pete Rock, Q-Tip, Large Professor ndi L.E.S. Nyimbo imene anagawana ndi rapa mnzake AZ m'chimbalecho inamangidwa pa sampulo (kachidutswa kodulidwa m'nyimbo yakale) ya The Gap Band, gulu la nyimbo zachikondi zoti anthu azivinira atakumbatirana. Woyimba wamkulu wa gulu limenelo ndi Charlie Wilson. Ndiye 2020 Nas waitana Charlie Wilson yemweyo mu situdiyo, pa nyimbo ya Car #85, inu n'kuyamba kufuula kuti wafewa. Nyimbo ya gulu lake ili pa tepi yakale inali ya mumsewu, atabwera mwini wake yasanduka ya m'hotela? Makutu muli nawo koma ntchito yake ndi yongokolekapo mahedifoni.

Amati tsabola wakale sawawa. Uyu anawawa, ndipo anawawa chifukwa sananamizire kukhala wa chaka chino. Dzina lenileni la chimbalecho likunena za gout, matenda otupitsa mfundo za zala za kuphazi, amene kale ankati ndi a mafumu chifukwa cha kudya nyama ndi kumwa vinyo mopitirira. Munthuyo akukuuzani poyera kuti ndinalemera, ndipo kulemera kuli ndi zowawa zake. Sakubisa. Akamakamba za ku Queensbridge amakamba ngati munthu wokumbukira, galimoto ya hayala imene ankakwera ali mnyamata, anzake amene anapita. Wanena zoona za dzulo, wanena zoona za lero. Chinanso mukufuna n'chiyani?

Amene amagwira ntchito pa makina a mu situdiyo amadziwa pamene zimbale za akuluakulu zimafera. Rapa wa m'ma 90 anazolowera biti yoyenda pakati pa 85 ndi 95 BPM (kugunda pa mphindi imodzi), ng'oma youma, malo okwanira kulongedza mawu ambiri mu mzere umodzi. Mukamuika pa trap, biti ya achinyamata ya 140 BPM yokhala ndi tizitsulo ta ng'oma (ma hi-hat) tothamanga, zinthu ziwiri zimachitika: amathamangitsa biti mpaka mpweya kutha vesi ya mizere 16 isanafike pakati, kapena amachepetsa mawu n'kumamveka ngati akutsanzira mdzukulu wake. Kenako pali 808, bezi yolemera ya m'mabiti a trap. Mawu a munthu wamkulu amakhala olemera, bezi nayo yolemera, ziwirizi zimalimbirana malo amodzi ndipo woponderezedwa ndi rapa. Wosakaniza waulesi amathira Auto-Tune, pulogalamu yowongola mawu a woyimba, pamwamba kuti abise. Basi chimbale chafa. Hit-Boy, wobadwa 1987, amene anapanga mabiti a King's Disease, sanachite zimenezo. Sampulo za soul anazisunga, ng'oma anazitsuka kuti zimveke pa foni ndi m'galimoto, bezi anaipatsa malo ake, mawu a Nas n'kukhala kutsogolo osakwiriridwa. Biti ndi imene inasunthira kwa rapa.

Alendo nawo anawerengedwa, sanangotoleredwa. Big Sean ndi Don Toliver ali pa nyimbo ya wailesi. Lil Durk ali pa nyimbo yolemekeza amayi. Fivio Foreign ndi A$AP Ferg ali kumapeto, ya achinyamata a ku New York. Ndipo a inu okonda zakale anakubweretserani AZ, Cormega ndi Foxy Brown pamodzi pa Full Circle, Cormega yemwe anakhala pa udani ndi Nas zaka zambiri. Imeneyo simunaitchule m'dandaulo lanu. Munaidumpha dala kapena simunafikepo.

Sindikuti Nas sanagwepo. Anagwa. 1999 anatulutsa zimbale ziwiri chaka chimodzi, ndipo Nastradamus inali ya munthu wofuna kusangalatsa kalabu, wailesi ndi msewu nthawi imodzi. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Nasir ya 2018, nyimbo 7 pa mabiti a Kanye West, inamveka yophikidwa mothamanga. Kumeneko mukadandaule, tidzakuthandizani. Koma kusiyana kwake n'koonekeratu: pa zimenezo ankavala malaya a eni, pa King's Disease wavala ake, angochapidwa. 

Ndipo musabwere ndi zoti mphoto ya Grammy imene analandira ndi chimbalechi ndi umboni woti anagwadira azungu. Anadikira kuyambira 1994 mpaka 2021 kuti alandire yoyamba. Akanakhala wosaka zikho akanayamba kale. Atailandira anatani? Anabwereranso kwa Hit-Boy yemweyo, zonse pamodzi zinakwana zimbale 6 pakati pa 2020 ndi 2023, ndipo King's Disease III ya 2022 ilibe mlendo ngakhale mmodzi. Munthu wothamangira msika satulutsa chimbale chopanda dzina la mnyamata wotchuka pachikuto. Bodza ndi limene limachotsa munthu mumsewu. Kolasi yokoma sinachotsepo aliyense. Kuyimbidwa pa wailesi si tchimo, tchimo ndi bambo wa ana akuluakulu kumaopseza anthu ndi mfuti zimene anasiya kuziona zaka 25 zapitazo.

Chimene muyenera kukwiya nacho ndi china. King's Disease ili ndi nyimbo 13, mphindi pafupifupi 38, ukamvera umamaliza. Anzake ambiri, akulu ndi ana omwe, akutipatsa nyimbo 25 kapena 30 chimbale chimodzi. Chifukwa chake n'chodziwika: mu 2020 Billboard, yosanja ma tchati a nyimbo ku America, inkawerenga ma stream 1,250 (kumvera pa intaneti) a olipira ngati chimbale chimodzi chogulidwa, ndiye nyimbo zikachuluka nambala imakwera. Pakatha sabata akubweretsanso deluxe, chimbale chomwecho chowonjezera nyimbo 8 zimene anazitaya okha poyamba. Zabwino zimakhala 6, zotsalazo ndi madeya, ndipo bandulo yothera pamenepo ndi yanu.