Ma Muscle Car Akale Aziyenda Pamsewu

Maganizo anga pa magalimoto akale a ku America aja amawatcha muscle cars ndi awa: anthu a ndalama amene akuwagula masiku ano akuwasunga bwino ndithu, koma ambiri akuwamana ntchito imene anapangidwira, yomwe ndi kuthamanga pamsewu.

Magalimoto amenewa sanapangidwire anthu olemera. Mu 1964, John DeLorean ndi anzake a ku Pontiac anatenga galimoto wamba, Tempest LeMans, n'kuikamo chiinjini cha masilinda 8, chotchedwa V8, cha malita 6.4. Lamulo la General Motors, kampani imene inali mwini wa Pontiac, silinkalola injini yaikulu chotere m'galimoto ya msinkhu umenewo, ndiye iwo anaizembetsa ngati chinthu chongowonjezera chimene wogula angasankhe, n'kuitcha GTO. Chaka choyambacho anagulitsa oposa 32,000. Mu 1968 Plymouth inatulutsa Road Runner, yopanda zokongoletsa, mpando wakutsogolo wa benchi, mtengo wosakwana madola 3,000. Mnyamata wogwira ntchito m'fakitale ku Detroit ankatha kuigula pangongole, Loweruka usiku n'kukapikisana ndi anzake pa Woodward Avenue.

Nyengo yake sinatalike. Pofika 1970 Chevelle SS 454 inali ndi mphamvu ya mahatchi 450, pamene injini ya 426 Hemi ya makampani a Dodge ndi Plymouth inali ndi mahatchi 425. Kenako inshulansi inakwera, lamulo lochepetsa utsi la 1970 linayamba kuluma, ndipo vuto la mafuta la 1973 linamaliza zonse. Plymouth ndi Pontiac zomwe kulibenso lero.

Ndikumvetsa chimene chimakoka anthu. Mabuleki ake ambiri ndi ofooka, pakona amapendama, petulo amamwa moopsa. Koma mukamva V8 ikuguguda galimoto ili chiimire, bodi yonse ikunjenjemera, mumaiwala zonsezo. Mukatsegula boneti mumaona chilichonse ndi maso: kabuleta, mapulagi, lamba wa fani. Munthu wa masipanala ake amaikonza pakhomo popanda kompyuta. Amene anakulira pafupi ndi makaniko akudziwa kukoma kwake.

Pamene pandiwawa ndi pamsika. Mu 2014, pa okushoni ya Mecum ku Seattle, Plymouth Hemi 'Cuda ya 1971 yotsegula denga inagulidwa madola 3.5 miliyoni, chifukwa zamtunduwu anapanga zochepa kwambiri. Galimoto ikafika mtengo wotere mwini wake saiyendetsanso. Amaopa mvula, amaopa kamwala, amaopanso kuti mita ikasuntha mtengo utsika. Kuchionetsero imapita itakwera ngolo, n'kubwerera itakweranso ngolo. Ogula amafufuza ngati nambala ya injini ikugwirizana ndi ya galimoto kuyambira kufakitale, ndipo ikapezeka kuti injini inasinthidwa, mtengo umagwa kwambiri. Komatu injini zambiri zinasinthidwa chifukwa eni ake oyamba ankazithamangitsa mpaka kuphulika, ndipo n'zimene anagulira. Kwa ine imeneyo ndi mbiri ya galimoto, si chilema.

Sindikukana kuti osonkhanitsawa athandiza. Popanda ndalama zawo, ma Dodge Charger ndi ma GTO ambiri akanadyedwa ndi dzimbiri kuseri kwa nyumba, ndipo makampani opanga masipeya atsopano a magalimotowa sakanapeza msika. Ochepa osowa kwambiri aja asungidwe, palibe vuto. Koma GTO wamba, Chevelle wamba, bwanji kuitsekera? Galimoto yongokhala nayonso imawonongeka: malabala amauma n'kuyamba kudontha oyilo, petulo amaola m'kabuleta, matayala amaphwatalala.

N'chifukwa chake ndimakonda Woodward Dream Cruise, yomwe imachitika mwezi wa Ogasiti chaka chilichonse pamsewu womwe uja. Kumeneko magalimoto akale masauzande amayenda ndi injini zawo, ana ataima m'mbali mwa msewu akumva phokoso ndi fungo la utsi. Ndikanakhala ndi ndalama ndikanagula Road Runner ya injini yosinthidwa, yotsika mtengo, n'kumapita nayo kumeneko chaka ndi chaka.