Lekani kuseka anthu amene akuyesa kusiya mowa

Ana anga a kuno ku Chipata, ndi inu a ku Katete, Chadiza, Lundazi mpaka ku Petauke uko, pali khalidwe lina likundinyansa ndipo lero ndinena. Munthu wamwa zaka ndi zaka, wagulitsa feteleza, wagulitsa njinga, ndalama za chimanga zonse zathera ku shabini, inu muli duu, mwinanso ndinu omwe mumamugulirako kachasu. Koma tsiku limene wayamba kukumana ndi anzake ofuna kusiya mowa ndiye pakamwa panu patseguka, ati taonani zidakwa zikupita ku miting'i, ena mpaka kujambula pa foni nkuponya pa gulupu ya WhatsApp ya mu komboni. Anakulerani ndani inu? Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ambiri mukuseka chinthu chosachidziwa. Magulu otere sanayambe dzulo, la Alcoholics Anonymous lija amati AA linayamba mu 1935 ku Akron, ku America, ndi amuna awiri, Bill W. ndi Dr Bob, onse mowa unali utawagwetsa ngakhale winayo anali dokotala, ndipo anaona kuti womwa amamvera womwa mnzake kuposa mmene amamvera abusa kapena mkazi wake. Mkatimo mulibe zodabwitsa, anthu amakhala pa mipando, aliyense amatchula dzina loyamba lokha, amafotokoza mmene wavutikira, enawo amamvetsera osamudula. Salonjeza zosiya mpaka kalekale ayi, amangoti lero lokha ndisamwe, zamawa tiona mawa. Kulowa salipira, chofunika ndi mtima wofuna kusiya basi. Ndiye wina akakuuzani kuti bweretsani ma kwacha angapo a fomu ya AA, ameneyo akufuna kukudyerani.

Chimene chimagwira gulu lotere ndi chinsinsi. Zonenedwa mmenemo zimatsala mmenemo, ngakhale amene mwamuona simumutchula panja. Tsono tauni yathu ndi yaing'ono, mukayetsemula ku Kapata a ku Mchini amva, mphunzitsi kapena wa yunifomu akangodziwa kuti dzina lake likuyenda pa mafoni sabwereranso, amabwerera ku botolo, ndipo ana amene agone ndi njala si anu inu ojambula.

Kwa iwe mwana wanga amene watopa nawo mowa, usadikire chikwangwani pa mseu, magulu awa salengeza ngati msonkhano wa chipani. Yambira pa kiliniki yapafupi, uwauze a nesi kapena a clinical officer mosabisa kuti umamwa wochuluka bwanji ndipo ufunse kumene anthu ofuna kusiya amakumana. Ku Chipata Central Hospital funsa mbali yoona za matenda a maganizo, ndipo usachite manyazi, kupita kumeneko si misala. A ku Katete muli ndi St Francis. A DEC, bungwe la boma lolimbana ndi mankhwala ozunguza bongo, nawonso si omanga anthu kokha, amapereka uphungu. Funsanso ku tchalitchi kapena ku mzikiti, a Katolika ali ndi a Pioneer olonjeza kusamwa. Misonkhano ina ya AA imachitika pa intaneti, bando ya mtengo wa botolo limodzi ikukwanira. Kukakhala kulibiretu gulu kwanuko, a AA amati ngakhale anthu awiri kapena atatu ofuna kusiya akakumana limenelo ndi gulu kale.

Koma apa mvetsani bwino, makamaka inu achibale. Munthu amene wakhala akumwa kwambiri tsiku lililonse sasiya mwadzidzidzi payekha, ndipo zija zomutsekera mnyumba kuti mowa uchoke mthupi zingathe kumupha. Amayamba kunjenjemera, thukuta, kusanza, kusowa tulo, pakapita tsiku limodzi mpaka masiku atatu ena amagwa ngati akhunyu, ena amaona njoka ndi tizilombo pa khoma. Si ufiti umenewo, musathamangire kwa asing'anga kapena kuloza agogo a mmudzi, thamangirani kuchipatala. Gulu la anzake si chipatala, limathandiza kuti asabwerere, mankhwala amapereka ndi a chipatala.

Inunso amayi, ndikudziwa mwavutika, koma zogula timankhwala pa msika nkumuthirira mwamuna mu ndiwo mwakabisira lekani. Simudziwa zili mmenemo, chiwindi chake ndi chotopa kale, tsiku lina mudzayankha mlandu wa imfa pamene mumafuna kupulumutsa banja.

Boma linaletsa tujilijili, mowa waukali uja wa mu timapaketi, mu 2012, ludzu silinathe, linangosamukira mu timabotolo ndi ku kachasu, anyamata a njinga zamoto akuyamba mmawa asananyamule ndi munthu mmodzi yemwe. Ndiye wina akaterereka nkumwanso patapita miyezi musamuimbire mmanja kuti tinanena ife, zimachitika kwa ambiri, muuzeni abwerere ku gulu sabata yomweyo. Ndipo inu azibambo pa ukwati, pa chiliza, ngakhale pa Nc'wala ku Mtenguleni, munthu akati ine ndinasiya mpatseni thobwa, zija zoti kamodzi kokha sikalakwa ayi.