Ku Lusaka mkonzi amafunsa maganizo ako, kwathu bwana amangolamula

Abale anga, zomwe zandichitikira ku ntchito sabata yathayi zandikumbutsa zaka zinayi zomwe ndinavutika kumudzi, ndipo mtima ukundiwawabe mpaka pano. Ndatha miyezi isanu ndili ku Lusaka kuno, ndikulemba nkhani za mafoni, intaneti ndi ma app pa kampani ina yofalitsa nkhani za tekinoloje. Ntchito yake ndi yomweyi ndinkagwira ku Malawi, koma mabwana ake ndi osiyana kutalitali.

Anandipatsa foni yatsopano kuti ndiyiyese kenako ndilembe review. Ogulitsa foniyo amaika malonda awo patsamba lathu mwezi ndi mwezi. Foni yake batire silichedwa kutha, ukajambula usiku chithunzi chimangotuluka mdima okhaokha, koma ine polemba ndinazembazemba, ndinatamanda sikirini ndi mtundu wake basi, za batire ndinangoika kamzere kamodzi kumapeto. Mkonzi wathu, mayi wachikulire ndithu, anandiitana pambali, osati pagulu ayi, n'kundifunsa kuti masiku khumi ndakhala nayo foniyi batire likutani kwenikweni. Nditawauza zoona anadabwa kuti nanga bwanji sindinalembe zimenezo. Akuti owerenga akagula foni chifukwa cha ife n'kukapeza kuti tinabisa, sadzabweranso, ndipo za amalondawo ndisiyire iwo, imeneyo si nkhawa ya mtolankhani. Ndinakhala chete kaye. Zaka zonsezi palibe bwana anandiuzapo mawu amenewa.

Kumudzi ndinalembapo nkhani yoti ma bundle akutha msanga ndipo anthu akudandaula. Nkhani yabwinobwino, ndinafunsa mbali zonse. Bwana anaichotsa pasanathe ola, kenako cha m'ma 10 usiku voice note pa gulupu ya WhatsApp ya ofesi yonse, kundikalipira ngati mwana, ati ndikufuna kuwaphera bizinesi. Chondipweteka kwambiri n'choti panalibe ngakhale kampani imodzi yomwe inaimba foni kudandaula, anali mantha a bwanawo basi. Ndipo mawa lake pa miting'i aliyense maso pansi, "inde bwana, zoona bwana", chifukwa kwathu wamkulu salakwa. Mwana wa zaka 24 amene amadziwa bwino zomwe achinyamata akuwerenga pa TikTok ndi Facebook sangatsegule pakamwa pamaso pa munthu amene mpaka lero amasindikiza imelo papepala kuti aiwerenge. Kuno intern amatsutsa mutu wa nkhani wa mkonzi, anthu n'kukambirana, mutu n'kusinthidwa, tsiku n'kupitirira.

Mwina mabwana athu ndiwamvetseko pang'ono. Msika wathu ndi waung'ono, makampani akuluakulu a mafoni ndi awiri okha, TNM ndi Airtel, pomwe kuno kuli MTN, Airtel ndi Zamtel, ndiye ukataya wamalonda mmodzi ku Malawi malipiro a mwezi umenewo agwedezeka. Koma kuchepa kwa msika sikumene kumakutumitsa mauthenga okalipa pakati pa usiku. Limenelo ndi khalidwe.

Za tchuthi ndiye musanene. Employment Code Act ya Zambia ya 2019 imapereka masiku awiri pa mwezi uliwonse wogwira ntchito, pachaka 24. Yathu ya 2000 imati masiku 15 ngati umagwira masiku asanu pa sabata, 18 ngati asanu ndi limodzi, ndipo ngakhale omwewo kuti uwatenge umachita kupempha ngati ukupempha ngongole. Matenite kuno ndi masabata 14, kwathu 8. Azimayi alinso ndi tsiku limodzi pa mwezi, amati Mother's Day, safunika kalata ya dokotala kapena kufotokoza chilichonse. Mnzanga wokonza mavidiyo anangolemba pa gulupu kuti lero kulibe, mkonzi anayankha ndi chala cham'mwamba, nkhani yathera pomwepo. Ndinaganiza za alongo athu aja amene ankabwera ku ofesi akubuula ndi m'mimba chifukwa choopa mafunso.

Sindikunena kuti kuno ndi kumwamba. Pa penshoni ife tili bwino, lamulo lathu limati olemba ntchito aike 10 peresenti iwe 5, pomwe ku NAPSA, bungwe la penshoni la kuno ku Zambia, ndi 5 ndi 5. Bola kumudziko ndalamazo zizitumizidwadi, poti ena amadula pa payslip osapereka. Magetsi nawonso madzi atachepa kwambiri mu 2024 m'damu la Kariba lopangira magetsi, anzathuwa anaona zakuda kuposa ife, mpaka pano ofesi imadalira sola ndi jenereta. Ndipo kunena chilungamo, atolankhani a ku Malawi timalimbikira kuposa ambiri ndawaona kuno, munthu mmodzi kulemba, kujambula, kukonza vidiyo, kuika pa tsamba, zonse ndi data yogula yekha.

N'chifukwa chake zimandipweteka. Luso tili nalo, koma timalipereka kwa anthu amene amaona wantchito ngati wawapalamula. Review ija ndinailembanso, batire ndinaliika m'ndime yachiwiri penipeni, inatuluka Lachinayi ndi dzina langa, ndipo malonda a kampani ija akadali patsamba mpaka lero.