Chotupa chowala m'mutu: maganizo anga

Pagulu lathu la WhatsApp la a Malawi a ku Mbare ndi Highfield ku Harare mwazungulira kavidiyo kosonyeza ubongo ukuwala ngati makala a moto, ena n'kumalemba kuti mankhwala a khansa ya m'mutu apezeka. Abale anga, tisanamizane. Zimenezi sizichiza.

Dzina la mankhwalawa ndi 5-ALA. Wodwala amamwa kukatsala maola ngati atatu kuti alowe kufiyeta. Maselo a chotupa amasandutsa mankhwalawa kukhala chinthu chimene chimawala mofiirira dokotala akayatsa kuwala kwa buluu pa maikulosikopu, pomwe ubongo wabwinobwino suwala. Phindu lake ndi kuonetsa malire a chotupa. Chotupa chotchedwa glioma chimayanga m'ubongo ngati mizu ya kapinga, ndi maso okha sungadziwe pomwe chathera. Pa kafukufuku wa ku Germany wa 2006, chotupa chooneka pa sikani chinachotsedwa chonse mwa odwala 65 pa 100 alionse, pomwe popanda mankhwalawa anali 36. Ku Ulaya anawavomereza mu 2007, ku America mu 2017. Palinso fluorescein, wotchipa, yemwe uja amaunikira naye maso, ndipo dokotala George Moore anamuyesa pa zotupa za m'ubongo ku Minnesota, ku America, kale m'ma 1940. Nzeruyi si yadzulo ayi.

Koma chimandiwawa ine ndi ichi: mankhwala amenewa amawala mutu ukatsegulidwa. Ndi angati mwa ife amafika pamenepo?

Malume anga anadwala mutu pafupifupi chaka. Ankagula panado pa tuckshop, kenako mapemphero, kenako kwa sing'anga yemwe anati alodzedwa ndi anzawo a kuntchito (tinadana nawo anthu osalakwa, Mulungu atikhululukire). M'mawa uliwonse ankasanza, kapu ya tiyi inkawapulumuka m'dzanja lamanzere, ife n'kumati ndi ukalamba. Sikani tinakajambulitsa atagwa khunyu pokwera kombi, titasonkherana madola pachibale. Dokotala anaiyang'ana nthawi yaitali asanalankhule.

Ndiye mukamagawana kavidiyoko, gawananinso izi: munthu wamkulu kuyamba kugwa khunyu, mutu wokula m'mawa ndi kusanza, mbali imodzi kufooka, mawu kusokonekera, pitani naye kuchipatala mukafunse za sikani sabata yomweyo.

Envelopu ya sikani ya malume ikadali pamwamba pa wadiropu. Akazi awo amakana kuitaya.